Kodi pali mtundu wa anthu umene vayirasi imaulambalala?



Temu yapitayi, belu litatsala pang'ono kulira, mnyamata wina wa Fomu 3 anakweza mkono n'kufunsa funso losakhudza n'komwe phunziro la tsikulo. "A Mwalimu, amalume amati ife a kuno kumapiri magazi athu ndi olimba, n'chifukwa chake kolona ankangopha azungu ndi anthu a m'tauni. Kodi n'zoona?" Ndisanatsegule pakamwa, mtsikana wina wakumbuyo anati agogo ake nawonso amakamba za magazi, koma mwa njira ina: amati pali mtundu wina, anautchula ndi dzina lomwe, umene magazi ake ndi a matenda, ndipo mdzukulu wawo asadzayerekeze kukwatiwako. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Ine sindinaseke, chifukwa mawu awiri onsewa ndinawamvapo pakhonde la mzikiti tikutuluka swala ya Jumu'ah, akuchokera pakamwa pa anthu a imvi zawo.

Ndinalonjeza ana aja kuti ndidzayankha mofatsa. Patchuthi ndinawerenga, ndipo aphunzitsi a Biology ndinawasowetsa mtendere ndi mafunso. Zimene ndinapeza ndi izi: kusiyana pa chitetezo cha m'thupi pakati pa anthu a m'madera osiyanasiyana a dziko lapansi kulipo ndithu, ndipo asayansi akuyeza n'kukulemba. Koma kusiyanako sikutsata mayina a mitundu yathu ya kuno, ndipo sikupatsa munthu aliyense chilolezo chothawa katemera kapena kuyezetsa magazi.

Asilikali a m'thupi ndi malangizo awo

M'magazi muli maselo ofiira, amene amanyamula mpweya, ndi maselo oyera, amene achipatala amawatcha asilikali a m'thupi. Asilikaliwa ali m'magulu. Ochuluka kuposa onse ndi ma neutrophil, amene amathamangira pabala kukameza tizilombo. Mafinya amene mumawaona pachilonda, mbali yaikulu ndi mitembo ya asilikali amenewa. Pali ma macrophage, amene akameza kachilombo amaitana anzawo. Pali maselo a B, opanga ma antibody. Ndiye pali maselo a T, amene ali pawiri: a CD8 amapha selo iliyonse imene vayirasi yalowamo, pomwe a CD4 ndiwo amalamula nkhondo yonse. Ndi CD4 yemweyo amene timamumva ku kiliniki ya ma ARV. Kuopsa kwa HIV n'kwakuti imasaka olamulawa.

Selo iliyonse imagwira ntchito motsatira malangizo olembedwa mu DNA, amene tinalandira theka kwa bambo, theka kwa mayi. Mabuku ena a Chichewa malangizowa amawatcha majini, kutengera liwu la Chingerezi. Pa sukulu ngati yathu ino liwu limenelo lingatisokoneze, pakuti ku madrasa majini ndi nkhani ina kotheratu, choncho ine ndizingoti malangizo a chibadwa. Munthu ali nawo pafupifupi 20,000, olembedwa ndi zilembo zokwana pafupifupi mabiliyoni atatu. Mutatenga anthu awiri alionse padziko, wina wa ku Misuku wina wa ku Tokyo, zilembo zawo zimafanana pa malo pafupifupi 999 mwa 1,000 alionse. Nkhani yonse ya lero ili pa kamalo kamodzi kotsalako.

Vayirasi sibereka yokha. Imayenera kulowa m'selo ya munthu n'kuigwiritsa ntchito ngati fakitale yake, ndipo kuti ilowe imafuna khomo loyenerana nayo pakhungu la seloyo. Ikalowa imabisala. Nanga asilikali aidziwa bwanji? Ganizirani za rodibuloko panjira ya ku Karonga, pamene kondakitala amatsegula buti kuti apolisi aone katundu. Selo iliyonse, kupatula maselo ofiira a m'magazi, ili ndi timanja totchedwa HLA, timene timatulutsa tizidutswa ta zimene zili m'kati n'kutionetsa panja. Msilikali wa CD8 akadutsa n'kuona kachidutswa kachilendo, amapha seloyo pamodzi ndi vayirasi ili m'katimo. Timanjati si tofanana mwa anthu onse. Malangizo a HLA ndi amene amasiyana kwambiri kuposa ena onse m'thupi la munthu, ndipo mitundu yake yodziwika yadutsa 30,000. Dzanja lina limagwira bwino tizidutswa ta HIV, lina limagwira bwino ta vayirasi ina. Choncho makomo ndi timanja ndi malo awiri amene chibadwa chimalowererapo pa nkhani ya mavayirasi.

Khomo lotseka

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha khomo lotchedwa CCR5, limene HIV imadzera polowa m'selo ya CD4. Mu 1996 asayansi anapeza kuti anthu ena amabadwa ndi langizo la CCR5 lodukamo zilembo 32, moti khomolo silimangidwa n'komwe. Amene analandira langizo lodukali kwa makolo onse awiri, mitundu yambiri ya HIV imalephera kumulowa. Anthu oterewa amapezeka makamaka kumpoto kwa Ulaya, ndipo ngakhale kumeneko ndi munthu mmodzi yekha mwa 100. Otsala 99 ali ngati ife tomwe. Kuno ku Africa langizo lodukali pafupifupi kulibe.

Ndi khomo limeneli limene linachiritsa Timothy Ray Brown, mzika ya ku America imene inkakhala ku Berlin. Iye anali ndi HIV komanso khansa ya m'magazi. Mu 2007 dokotala wake, Gero Hütter, anamuika maselo opanga magazi ochokera kwa munthu wa CCR5 yotseka. Brown anasiya ma ARV ndipo kachilombo sikanabwererenso mpaka pamene anamwalira mu 2020, khansa ija itayambiranso. Anthu ena owerengeka achira mwa njira yomweyi, koma ndi chithandizo choopsa, chimene chimapha ena mwa ochilandira, ndipo madokotala amachichita pokhapokha munthu ali kale ndi khansa yofuna zimenezo.

Wina angaganize kuti a khomo lotsekawa ndi odala pa zonse. Ayi. Pali mitundu ina ya HIV imene imadzera khomo lina, la CXCR4, ndipo yagwirapo anthu oterewa. Komanso CCR5 ili ndi ntchito yake: imathandiza asilikali kupeza njira yopita kumene kuli nkhondo. Amene alibe khomoli amadwala kwambiri akagwidwa ndi vayirasi ya West Nile, yofalitsidwa ndi udzudzu. Wasayansi wina wa ku China, He Jiankui, analengeza mu 2018 kuti wasintha langizo la CCR5 mwa ana awiri amapasa asanabadwe, ati kuti asadzatenge HIV. Asayansi anzake padziko lonse anamudzudzula, ndipo khoti la kwawo linamulamula kukhala m'ndende zaka zitatu. Ine ndikuona kuti anamuchita bwino: anaika pachiswe ana amene sanadwale, pofuna kuwateteza ku matenda amene ali ndi njira zina zopewera.

Tibwere pafupi ndi kwathu. Ku Durban, m'dziko la South Africa, gulu la Photini Kiepiela ndi Philip Goulder linafufuza timanja ta HLA mwa anthu mazanamazana amene anali ndi HIV koma asanayambe mankhwala. Zotsatira zinatuluka mu 2004. Anthu a dzanja lotchedwa B*57 kapena B*58:01 anali ndi tizilombo tochepa m'magazi ndipo ankachedwa kudwala. Anthu a B*58:02 anali ndi tizilombo tambiri. Mukaona manambalawo mwadziwa kale kuti B*58:01 ndi B*58:02 ndi pachibale; amasiyana pa timalo titatu tokha. Chimene ndikufuna muchigwire apa ndi chakuti timanja tonseti tinapezeka mwa anthu a dera limodzi, ambiri mwa iwo Azulu, olankhula chinenero chimodzi. Ana a mimba imodzi angathe kusiyana, wina kutenga dzanja lothandiza wina losathandiza. Ndipo dzanja lothandizalo sililetsa munthu kutenga kachilombo kapena kupatsira mnzake, limangochedwetsa matenda. Vayirasi nayo siigona. Kafukufuku wa 2014 anasonyeza kuti ku Botswana, kumene mliri unayamba kale n'kufala kwambiri, HIV inali itasintha kaonekedwe kake moti B*57 ndi B*58:01 sizinkathandizanso monga ku Durban.

Mu 2023 kunatulukanso nkhani ina. Asayansi atafufuza anthu pafupifupi 3,900 a makolo ochokera ku Africa amene ali ndi HIV, anapeza kusiyana pafupi ndi langizo lotchedwa CHD1L kumene kumachepetsa kuchuluka kwa kachilombo m'magazi. Kusiyanaku kumapezeka mwa anthu a ku Africa okha, ndipo ngakhale pakati pawo ndi ochepa amene ali nako. Kunachedwa kudziwika chifukwa kwa zaka zambiri kafukufuku wa chibadwa ankachitika makamaka mwa azungu.

Pepala la ku labu

Pali kusiyana kumodzi kumene ambiri a ife tili nako, ndipo kungakukhudzeni tsiku lina mutanyamula pepala la zotsatira za magazi. Pakhungu la maselo ofiira pali chizindikiro chotchedwa Duffy. Anthu ambiri a ku Africa kum'mwera kwa chipululu cha Sahara alibe chizindikirochi pa maselo awo ofiira. Mu 1976 Louis Miller ndi anzake anasonyeza kuti mtundu wina wa malungo, wa vivax, umadzera pa Duffy polowa m'magazi. N'chifukwa chake vivax ndi wofala ku India ndi ku South America koma ndi wosowa kuno. Tisanyade msanga: malungo amene amapha ana athu ndi a falciparum, amene safuna Duffy n'komwe. Neti isachoke pabedi.

Kusowa kwa Duffy kuli ndi chotsatira china. Anthu otere amakhala ndi ma neutrophil ochepa m'magazi oyenda m'mitsempha, poyerekeza ndi azungu. Sikudwala, ndipo sagwidwa matenda kawirikawiri kuposa anzawo. Vuto linali pa muyezo. Manambala amene ankati ndiwo a munthu wathanzi anatengedwa kwa azungu, moti ku America ndi ku Britain anthu akuda athanzi labwino ankauzidwa kuti asilikali awo ndi ochepa. Ena ankayezedwa mafuta a m'mafupa popanda chifukwa, ena ankachedwetsedwa kulandira mankhwala a khansa. Abale athu amene ali kunja ayenera kuidziwa nkhani imeneyi.

Kuno kwathu funso lomweli analifufuza Wilson Mandala ndi anzake ku Blantyre. Anayeza Amalawi athanzi opanda HIV, kuyambira makanda mpaka okalamba, ndipo mu 2010 anafalitsa kuti ana aang'ono athanzi a ku Malawi amakhala ndi gawo la CD4 lotsikirapo kuposa ana a m'mayiko a azungu. Pa nthawiyo nambala ya CD4 ndiyo inkagamula ngati mwana ayambe ma ARV, choncho muyezo wobwereka kunja sunali nkhani yamasewera. Lero aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala osadikira CD4.

Za kolona ndi mawu a amalume

Ku Institut Pasteur ku Paris kuli gulu la Lluis Quintana-Murci limene lakhala likufufuza funso la mnyamata wathu uja mwachindunji. Mu 2016 anatenga magazi a amuna 200 okhala ku Belgium, theka a makolo a ku Africa, theka a makolo a ku Ulaya, n'kukumanitsa maselo awo oyera ndi vayirasi ya chimfine ndi zinthu zina zoputa chitetezo. Anapeza malangizo mazanamazana amene ankayankha mosiyana pakati pa magulu awiriwo. Chaka chomwecho gulu la Luis Barreiro ku Montreal linapeza kuti ma macrophage a anthu a makolo a ku Africa, pa avereji, amayankha mwaukali kwambiri akakumana ndi bakiteriya. Apa amalume aja akhoza kuomba m'manja. Koma chitetezo chaukali chili ngati galu wolusa: amathamangitsa wakuba, tsiku lina amaluma mwana wa pakhomo. Matenda ena, monga lupus, amabwera chifukwa asilikali atembenukira thupi lawo lomwe, ndipo lupus imavutitsa kwambiri amayi akuda. Pa COVID-19 namonso, ambiri amene ankamwalira ankafa mapapo atatupa chifukwa cha nkhondo ya asilikali awo omwe.

Mu 2020 Hugo Zeberg ndi Svante Pääbo anapeza kuti kachigawo kena ka DNA kamene kamakulitsa chiopsezo chodwala kwambiri ndi COVID-19 kanachokera kwa a Neanderthal, mtundu wa anthu akale amene ankakhala ku Ulaya ndi ku Asia n'kutha zaka pafupifupi 40,000 zapitazo. Kachigawoka ali nako pafupifupi theka la anthu a kum'mwera kwa Asia, ndi anthu 16 mwa 100 alionse ku Ulaya. Ku Africa kuno pafupifupi kulibe. Ndiye kuti pa mfundo imodzi imeneyi ambiri a ife tinapulumuka. Koma ndi mfundo imodzi mwa zambiri, ndipo ndi yaing'ono poyerekeza ndi msinkhu wa munthu, shuga, BP ndi kunenepa kwambiri.

Tikumbukire mmene zinayendera. Odwala oyamba ku Malawi analengezedwa pa 2 April 2020. M'miyezi yoyamba imfa zinali zochepa, ndipo mawu akuti kolona ndi wa azungu anamera mizu. Kenako inafika January 2021. Pa 12 January tsiku limodzi lokha tinataya nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Ofufuza amene ankayeza magazi a anthu opereka magazi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu anapeza kuti pofika pakati pa 2021 oposa theka anali atakumana kale ndi vayirasiyi, ambiri osadziwa. Inatigwira ndithu. Chimene chinatichepetsera maliro kwambiri ndi chakuti ndife dziko la ana: kalembera wa 2018 anapeza kuti theka la Amalawi sanakwanitse zaka 18, ndipo COVID-19 imapha kwambiri okalamba. Anthu akuda a ku America ndi ku Britain, amene ambiri mwa iwo alibenso kachigawo ka Neanderthal kaja, anamwalira mochuluka kuposa azungu anzawo, chifukwa cha ntchito zokumana ndi anthu ambiri, nyumba zothithikana ndi matenda ena amene anali nawo kale. Pamene ife tinkauzana kuti magazi athu ndi olimba, mu May 2021 boma linatentha katemera woposa 19,000 amene masiku ake anatha anthu asanabwere kudzabayitsa.

Zimene thupi lakumana nazo

Apa ndi pamene ine ndinaphunzirapo chachikulu. Mu 2023 gulu la ku Paris lija linafalitsa kafukufuku wina, wa anthu 222 a pakati pa Africa, ku Ulaya ndi kum'mawa kwa Asia, pokumanitsa maselo awo ndi vayirasi ya COVID-19. Anapezanso kusiyana. Koma atafufuza gwero lake, mbali yaikulu sinali ya chibadwa. Pali vayirasi ina yotchedwa CMV, imene munthu amaitenga nthawi zambiri ali mwana n'kukhala nayo moyo wonse osadwala. Pafupifupi onse a ku Africa amene anayezedwa anali nayo, pomwe mwa a ku Ulaya anali mmodzi mwa atatu. CMV imasintha kachulukidwe ka magulu a asilikali m'thupi, ndipo zimenezi ndi zimene zinkaoneka ngati kusiyana kwa mitundu. Mwana wa mzungu wokulira m'mudzi mwathu muno akhoza kutenga CMV ngati anzake osewera nawo.

Phunziro lomweli linatuluka kale pa khomo pathu penipeni. Ku Chilumba, m'boma la Karonga, kuli malo a kafukufuku amene anayamba mu 1979 pofufuza khate, mothandizidwa ndi bungwe la LEPRA ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine. Lero ndi gawo la MEIRU. Kumeneko anayesa katemera wa BCG, uja amasiya chipsera pamkono, mwa anthu oposa 120,000. Zotsatira za 1996 zinasonyeza kuti kubayanso BCG kunachepetsa khate ndi theka, koma sikunateteze akuluakulu ku TB ya m'mapapo. Chonsecho ku Britain katemera yemweyo anali atateteza achinyamata pafupifupi 8 mwa 10 alionse. TB ndi khate si mavayirasi, ndi mabakiteriya, koma funso ndi lomwelo: kodi matupi a anthu a ku Karonga anabadwa mwina?

Ofufuza anayerekeza magazi a achinyamata a ku Karonga ndi a ku England, asanabayidwe ndi atabayidwa, n'kufalitsa zotsatira mu 2002. A ku Karonga asilikali awo anali atazolowera kale abale ake a kachilombo ka TB amene amakhala m'dothi ndi m'madzi a m'madera otentha, moti BCG sinawonjezerepo zambiri. A ku England, amene sanakumanepo kwenikweni ndi tizilombo ta m'dothito, katemera anawasintha kwambiri. Umboni wina ndi wa Amwenye: kafukufuku wamkulu wa ku Chingleput, kum'mwera kwa India, sanapeze chitetezo cha BCG ku TB ya m'mapapo, koma ana a makolo a ku India obadwira ku England ankatetezedwa. Magazi amodzi, dothi losiyana. Amayi musamve molakwa: BCG imatetezabe makanda ku TB yoopsa ya m'bongo ndi yofalikira thupi lonse, n'chifukwa chake mwana amabayidwa akangobadwa.

Mlambya, Mndali, Msukwa

Tsopano tifike kwa agogo a mtsikana uja. Chitipa ndi boma la zinenero zambiri kuposa maboma ena m'Malawi muno. Pamsika pa boma mumamva Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chinamwanga, Chimambwe, Chitumbuka, Chibemba, Chiswahili, ndiponso Chiyao ndi Chichewa cha ife amene makolo athu anabwera kudzachita malonda kapena ntchito. Kafukufuku yense ndatchula pamwambapa ankayerekeza anthu amene makolo awo anatalikirana kwa zaka masauzande makumimakumi, olekanitsidwa ndi nyanja ndi zipululu. Pakati pa Kameme ndi Nthalire palibe chipululu. Zinenero zonse ndatchulazi ndi za banja limodzi, la Bantu, ndipo olankhula ake anayamba kufalikira kuchokera cha kumalire a Nigeria ndi Cameroon zaka 4,000 kapena 5,000 zapitazo, zomwe pa nkhani ya chibadwa ndi dzulodzulo.

Mu 2017 asayansi anafalitsa DNA ya mafupa a anthu akale ofukulidwa m'Malawi muno: paphiri la Hora ku Mzimba, a zaka pafupifupi 8,100, pa Fingira kumapiri a Nyika, ndi pa Chencherere ku Dedza. Anthu amenewa anali alenje ndi otola zipatso. Powayerekeza ndi Amalawi a lero, ofufuza anatenga DNA ya Achewa, Ayao, Atumbuka ndi Angoni. Anapeza kuti mitundu inayi ya leroyi ndi yofanana kwambiri, yonse yochokera kwa alimi a Bantu amene anabwera pambuyo pake, ndipo ndi yosiyana ndi alenje akale aja. Ngati Myao wa ku Mangochi ndi Mtumbuka wa ku Rumphi ali pafupi chonchi, nanga Mlambya ndi Mndali amene akhala akukwatirana kutsidya ndi kuno kwa Songwe kuyambira kale? Funsani agogo anu kuti agogo awo anali a mtundu wanji. M'mabanja ambiri muno mupeza mitundu itatu musanafike patali.

Richard Lewontin anawerengera kale mu 1972 kuti pa kusiyana konse kwa chibadwa kumene kuli pakati pa anthu, magawo pafupifupi 85 mwa 100 amapezeka m'kati mwa gulu limodzi lomwelo. Ndiye kuti m'kalasi imodzi ya Fomu 3 muli kale mbali yaikulu ya kusiyana kumene kuli padziko lonse. Komanso Africa ndiye kontinenti ya chibadwa chosiyanasiyana kuposa ena onse, moti mawu akuti "magazi a munthu wakuda" sanena kanthu kenikeni. Ntchito ya H3Africa itawerenga DNA ya anthu 426 okha a m'magulu 50 a mu Africa, inalengeza mu 2020 kuti yapeza kusiyana koposa mamiliyoni atatu kumene kunali kusanalembedwepo. Ophunzira amene mumakonda Biology, ntchito imeneyi ikusowa anthu, ndipo ikuchitika ku Kamuzu University of Health Sciences, ku Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre ndi pa Chilumba pompa.

Nanga n'chifukwa chiyani madera ena ali ndi HIV yambiri kuposa ena? Kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 9 mwa 100 alionse m'Malawi ali ndi kachilombo, ndipo chigawo cha kum'mwera ndi mizinda zili pamwamba kuposa midzi ya kumpoto ndi pakati. Kusiyanaku kumatsata misewu, malo a malonda, maulendo a amuna okagwira ntchito kutali, umphawi wa atsikana ndi nthawi imene kachilombo kanafika pamalopo. Ife amene tili pakati pa Nakonde, Tunduma ndi Karonga, kumene magalimoto a katundu sasiya kudutsa, tilibe chifukwa chodzionera patali. Mdulidwe umathandiza: kafukufuku wa ku South Africa, Kenya ndi Uganda pakati pa 2005 ndi 2007 anapeza kuti umachepetsa ndi magawo pafupifupi 60 mwa 100 mwayi woti mwamuna atenge kachilombo kwa mkazi. Anyamata athu ena amamva 60 ngati 100. Magawo 40 otsalawo adwalitsa Asilamu ambiri.

Chimene chasintha mbiri ya HIV kuno si magazi a mtundu uliwonse. Ma ARV aulere anayamba mu 2004. Mu 2011 kafukufuku wotchedwa HPTN 052, amene mabanja a ku Lilongwe ndi Blantyre anatengapo mbali, anasonyeza kuti munthu akayamba mankhwala msanga, mwayi wopatsira mnzake wa m'banja umatsika ndi magawo 96 mwa 100. Chaka chomwecho Malawi anakhala dziko loyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo. Palibe dzanja la HLA limene limafika pa manambala amenewa.

Kwa a komiti, amene mabanja amabwera kwa inu asanamange nikah, ndili ndi pempho. Funso lakuti mnyamatayo ndi wa mtundu wanji silingakuuzeni chilichonse cha thanzi lake. Chimene chingakuuzeni ndi magazi a anthu awiriwo, atayezedwa onse pamodzi mwa kufuna kwawo, zotsatira n'kukhala zawo osati zolengeza pabwalo. Kuwonjezera pa HIV, afunse za hepatitis B, vayirasi yowononga chiwindi imene munthu angakhale nayo zaka zambiri osadziwa, komanso za sickle cell ngati m'banja mwa mmodzi munakhalapo mwana wa matendawa, pakuti amenewa ndiwo amayendadi m'chibadwa ndipo amatuluka pamene makolo onse awiri ali ndi langizolo. Katemera wa hepatitis B analowa m'ndondomeko ya ana a kusikelo ku Malawi mu 2002. Ophunzira athu onse anabadwa chaka chimenecho chitadutsa, choncho makolo atsegule mabuku a kusikelo aone ngati jakisoni zonse zitatu zinalembedwa. Ife amene tinabadwa 2002 isanafike sitinamulandire tili ana, ndipo ndi ife tiyenera kukafunsa kuchipatala.